Tiwadziwe Matenda Onjenjemera ndi Gwero Lake

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, sabata ino tikambirane za matenda amene ambiri a ife tidawaonapo koma dzina lake sitilidziwa. Munthu wamkulu, kaya ndi apongozi, kaya ndi bambo a kunyumba, kaya ndi mayi athu otibereka, amayamba kunjenjemera dzanja limodzi atangokhala phee. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zimakhudzanakhudzana ngati akusankha timiyala mu mpunga. Pakapita chaka kapena ziwiri mayendedwe amasintha. Mapazi amakhwekhwereza pansi, msana umawerama, ndipo kudzuka pa mphasa kumasanduka ntchito yaikulu. Nkhope imauma, osaonetsa chimwemwe kapena mkwiyo, mawu nawonso amatsika kufikira kuti wokhala naye pafupi yekha ndiye amamva.

Zikafika pamenepa mudzi umayamba kulankhula. Ena amati walodzedwa, ena amati ndi kachasu amene ankamwa pa unyamata wake, ndipo akakhala mayi wokalamba ena amanong'onezana kuti zimene ankachita usiku zamutembenukira. Madokotala amawatcha matenda a Parkinson. Ndi matenda a ubongo, ndipo kuyambira chaka cha 2004 akatswiri apeza zambiri za gwero lake. Popeza osamala odwala pakhomo kawirikawiri timakhala ife amayi, nkoyenera kuti zimenezi tizidziwe. M'nkhaniyi muli mawu ena achilendo, koma ngakhale ife amene sukulu tidalekezera panjira tisachite nawo mantha. Tiwatenge amodziamodzi, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

DZINA LAKE LIDACHOKERA KUTI?

M'chaka cha 1817 dokotala wina wa mumzinda wa London, dzina lake James Parkinson, adalemba kabuku kofotokoza za amuna 6 amene adali ndi vuto lofanana. Ena adawapima, ena adangokumana nawo mumsewu nayang'anitsitsa mayendedwe awo. Patapita zaka zoposa 50, dokotala wotchuka wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndiye adati matendawa azitchedwa ndi dzina la Parkinson. Tsiku lobadwa la Parkinson, 11 Epulo, ndilo tsiku limene maiko amakumbukira odwala matendawa chaka ndi chaka.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni adali ndi matendawa, ndipo chiwerengerocho chidali chitawirikiza kawiri pa zaka 25. Nthawi zambiri amayamba munthu atapitirira zaka 60, ndipo amagwira amuna ochulukirapo kuposa akazi. Sasankha wolemera kapena wamphamvu. Katswiri wa nkhonya uja Muhammad Ali, amene adagonjetsa George Foreman ku Kinshasa mu 1974, adapezeka nawo mu 1984. Mu 1996 dziko lonse lidamuona akuyatsa muuni wa masewera a Olympic ku Atlanta manja ali njenjenje, ndipo adakhala ndi matendawo zaka zoposa 30 kufikira imfa yake mu 2016.

CHIMENE CHIMAWONONGEKA MU UBONGO

Monga nyumba imamangidwa ndi njerwa, thupi la munthu lidamangidwa ndi tinthu tamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Pakati penipeni pa ubongo pali kamalo kakang'ono kakuda, kamene madokotala amakatcha substantia nigra, mawu a Chilatini otanthauza chinthu chakuda. Maselo a pamalo amenewa amapanga mankhwala achibadwa otchedwa dopamine. Katswiri wa ku Sweden, Arvid Carlsson, ndiye adaonetsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti dopamine ndi wofunika kuti thupi lizisuntha bwino, ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 2000.

Amayi amene muli ndi makina osokera mukudziwa zimene zimachitika mafuta akauma. Makinawo ali bwinobwino, singano ilipo, koma gudumu limalimba ndipo ulusi umadukaduka. Thupi losowa dopamine limateronso. Miyendo ndi manja zili ndi mphamvu, munthu akufunadi kuyenda, koma lamulo lochokera ku ubongo limafika mochedwa ndiponso mosalongosoka.

Khungu likachekeka limamera lina, koma maselo opanga dopamine akafa thupi silibwezeretsa ena. Amafa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri munthu osadziwa kanthu, ndipo pamene dzanja liyamba kunjenjemera, pafupifupi theka la maselowo kapena kuposerapo amakhala atatha kale. Nchifukwa chake zizindikiro zina zimatsogola zaka zingapo kunjenjemera kusanayambe, monga kusamva fungo la ndiwo pamoto, kudzimbidwa kosatha, kukhumudwa, ndi kumenya nkhonya kapena kukuwa kutulo. Tsono funso limene akatswiri akhala akulifufuza ndi ili: chimapha maselowa nchiyani? Pofufuza yankho adakumana ndi kinase.

KAPITAWO WOTCHEDWA KINASE

M'kati mwa selo lililonse muli antchito ambirimbiri otchedwa mapuloteni. Tikadya nyemba, mazira, usipa kapena mtedza, thupi limaphwanya zakudyazo nkumanga mapuloteni akeake, amitundu zikwi zambiri, aliyense ndi ntchito yake. Ena amanyamula katundu, ena amamanga, ena amasesa, ena amapereka uthenga. Antchito ochuluka chotere sangagwire onse nthawi imodzi popanda wowauza poyambira ndi polekezera.

Amene mudagwirako ntchito ku esiteti mukukumbukira kapitawo ndi tikiti. Kapitawo akachonga tikiti yako, ntchito yako ya tsikulo yadziwika. Kinase ndi puloteni amene amagwira ntchito ya ukapitawo m'selo. Chidindo chake ndi kachidutswa ka fosifeti, mchere womwe uja umapezeka m'mafupa athu ndiponso mu feteleza wokulitsa. Kinase amatenga fosifeti nkumumata pa puloteni mnzake, ndipo puloteni wodindidwayo amasintha kaimidwe kake. Wina amayamba kugwira ntchito, wina amaleka, wina amasamukira mbali ina ya selo. Palinso gulu lina la mapuloteni lotchedwa phosphatase, limene ntchito yake ndi kufafaniza chidindocho nthawi yake ikakwana. Kudinda ndi kufafaniza kumeneku kumachitika usana ndi usiku m'thupi monse.

Amene adatulukira zimenezi ndi Edmond Fischer ndi Edwin Krebs, a mumzinda wa Seattle ku America, m'zaka za m'ma 1950, pamene ankafufuza mmene minofu imatulutsira shuga wosungidwa kuti munthu apeze mphamvu. Adalandira mphotho ya Nobel mu 1992. M'chaka cha 2002 akatswiri adawerenga mitundu 518 ya kinase m'thupi la munthu. Mukadya nsima shuga nkulowa m'magazi, ndi akapitawo amenewa amene amauza maselo kuti atsegule zitseko alandire shugayo. Mwana akamakula, bala likamapola, iwo ali pa ntchito.

Kapitawo angathe kulakwa m'njira ziwiri. Angathe kugona pa ntchito, antchito nkusowa wowatsogolera, kapena angathe kuchita changu chopitirira, nkumadinda tikiti iliyonse imene waiona. Mchere ukachepa ndiwo sizikoma, ukachulukanso sizidyeka. Pa matenda a Parkinson, akatswiri adapeza akapitawo awiri, wina wolakwa njira yoyamba, wina yachiwiri.

KAPITAWO WACHANGU CHOPITIRIRA

Woyamba dzina lake ndi LRRK2. Mu 2002 madokotala a ku Japan adafufuza banja lina lalikulu la ku Sagamihara limene anthu ake ambiri ankadwala matendawa m'badwo ndi m'badwo, napeza dera la malangizo a chibadwa limene vuto lidabisala. Malangizo amenewa ndi amene mwana amalandira kwa mayi ndi bambo ake, ndipo chigawo chimodzi cha malangizowo akatswiri amachitcha jini. Musasokoneze ndi majini a mizimu aja, mawuwo angofanana kamvekedwe. Mu 2004 magulu awiri a akatswiri adalipeza jini lenilenilo. Gulu limodzi, mmene mudali mayi wina wa ku Spain, Coro Paisán-Ruíz, lidafufuza mabanja a mtundu wa Basque, ndipo lidatcha puloteniyo dardarin, kuchokera ku mawu a chilankhulo chawo akuti dardara, kutanthauza kunjenjemera.

Ntchito ya LRRK2 idadziwika bwino mu 2016, pamene akatswiri a ku Dundee m'dziko la Scotland, pamodzi ndi anzawo a ku Germany ndi kwina, adapeza kuti iye amadinda mapuloteni otchedwa Rab. M'selo katundu amayenda m'timatumba, ndipo ma Rab ali ngati kapepala kolembedwa adiresi kamene timamata pa thumba la ufa potumiza pa basi. Timatumba tina timapita nato ku malo otchedwa lysosome, amene ndi dzala la selo. Dzala limeneli likunga dzenje la manyowa, pakuti zinyalala zimaphwanyidwa mmenemo nkubwezedwa kuti zigwirenso ntchito.

Puloteni aliyense ali ngati mkanda wotungidwa pa ulusi, ndipo mkanda wa LRRK2 uli ndi timikanda 2,527. Mwa anthu ena kamkanda kamodzi kokha, ka nambala 2019, kamakhala kosinthika. Kusinthika kumeneku akatswiri amakutcha G2019S, ndipo nambalayo si chaka ayi, ndi malo a kamkandako pa ulusi. Kamkanda kamodzi kameneka kamachititsa kapitawo kudinda pafupifupi kawiri kuposa muyezo. Ma Rab akadindidwa mopitirira, kayendedwe ka katundu kamasokonekera ndipo ntchito ya kudzala imafooka. Selo la pakhungu, limene limakhala masabata ochepa, silivutika kwenikweni. Koma selo la ubongo liyenera kutumikira munthu moyo wake wonse, choncho chisokonezo chaching'ono chikapitirira zaka 50 kapena 60 chimalilemetsa.

Pa dziko lonse, mwa odwala Parkinson 100 alionse, mmodzi kapena awiri ndiwo ali ndi G2019S. Koma kumpoto kwa Africa, m'maiko a Tunisia, Algeria ndi Morocco, pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse ali nayo, ndipo imapezekanso kwambiri pakati pa Ayuda otchedwa Ashkenazi. Sergey Brin, mmodzi mwa amene adayambitsa kampani ya Google, adaulula mu 2008 kuti adatengera G2019S kwa mayi ake, amene adali kale ndi matendawa. Kholo limodzi likakhala nayo, mwana aliyense angathe kutengera kapena ayi, mofanana ndi kuponya ndalama m'mwamba. Komabe kutengera si kudwala, pakuti oposa theka la anthu amene ali nayo amafika zaka 80 osanjenjemera.

Kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara nkhani ndi ina. Kafukufuku wa odwala a ku Zambia amene adasindikizidwa mu 2012 sadapeze G2019S, ndipo ku Nigeria ndi ku Ghana zotsatira zidali zomwezo. Mu 2023 kafukufuku wamkulu, amene mbali yake ya ku Nigeria adaitsogolera mayi wina wophunzira kwambiri, Pulofesa Njideka Okubadejo wa ku Lagos, adapeza kusinthika kwina m'jini lotchedwa GBA1, kumene kumapezeka makamaka mwa anthu a mtundu wa mu Africa. Jini limeneli si la kinase, koma puloteni wake amagwira ntchito kudzala komwe kuja. Taonani, njira ndi zosiyana koma zikukathera pa bwalo limodzi, pa ukhondo wa m'kati mwa selo.

KAPITAWO WOGONA PA NTCHITO

Wachiwiri ndi PINK1. Selo lililonse lili ndi timbaula tambirimbiri totchedwa mitochondria, mmene chakudya chimawotchedwa kuti mphamvu ipezeke. Maselo opanga dopamine amafuna mphamvu yochuluka zedi, motero timbaula tawo sitipuma. Kambaula kakang'ambika kamatulutsa zinthu zowononga selo, monga mbaula yobooka imagwetsera makala amoto pa mkeka.

PINK1 ndiye woyendera timbaulati. Kambaula kakakhala kabwino, iye amalowa m'kati nkuphwanyidwa, osasiya chizindikiro. Kakakhala kowonongeka, iye amaunjikana kunja kwake nayamba kudinda. Chidindocho chimaitana puloteni wina wotchedwa Parkin, amene adatulukiridwa ku Japan mu 1998, ndipo awiriwa amaika chizindikiro chakuti kambaulako kakulungidwe kapite kudzala. Mayi wogulitsa tomato amadziwa ntchito imeneyi, chifukwa m'mawa uliwonse amasanthula dengu lake kuchotsa wowola asanawoletse anzake. Akuluakulu adati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. PINK1 akapanda kugwira ntchito, timbaula towonongeka timatsala m'selo mpaka selolo kufa.

Amene adatulukira kuti PINK1 akukhudzana ndi matendawa ndi dokotala wamkazi wa ku Italy, Enza Maria Valente, pamodzi ndi anzake a ku London, m'chaka chomwecho cha 2004, atafufuza mabanja a ku Italy ndi ku Spain. Mtundu uwu ndi wosowa, ndipo umayamba msanga, kawirikawiri munthu asanafike zaka 50, mwinanso ali ndi zaka za m'ma 30. Umakula pang'onopang'ono ndipo umamva mankhwala bwino.

Apa pali mfundo yofunika kwa ife a pabanja. Kuti mwana adwale chifukwa cha PINK1, ayenera kulandira jini lolakwika kuchokera kwa mayi ndiponso kwa bambo, ngakhale makolo onse awiri ali athanzi. Tsono bambo amene amaloza chala mkazi wake kuti matendawa ndi a mtundu wa kwanu, kapena apongozi amene amanyoza mkamwini, akulankhula zimene sakuzidziwa. Palibe munthu amene amasankha malangizo a chibadwa amene alandire kapena amene apatsire ana ake.

ODWALA AMBIRI SATENGERA KU MTUNDU

Tisachoke pano ndi mantha akuti agogo akadwala ndiye kuti ana ndi zidzukulu nawonso adzadwala. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 sapezeka ndi jini limodzi limene tinganene kuti ndilo gwero. Chachikulu chimene chimaonjezera chiopsezo ndi ukalamba, ndipo pamwamba pake pamabwera zimene thupi lakumana nazo pa moyo. Kafukufuku wa alimi a ku America amene adasindikizidwa mu 2011 adapeza kuti amene ankagwiritsa ntchito mankhwala opha udzu otchedwa paraquat, kapena opha tizilombo otchedwa rotenone, ankadwala Parkinson kawiri ndi theka kuposa anzawo. Rotenone amawononga timbaula tomwe tija PINK1 amayendera.

Choncho popopera mankhwala m'munda kapena kudimba, tivale zophimba manja, mphuno ndi pakamwa, tisapopere moyang'anana ndi mphepo, ndipo tisambe ndi sopo tikamaliza. Zovala zopoperera zichapidwe pazokha. Botolo la mankhwala likatha tisasungiremo madzi akumwa, mchere kapena mafuta ophikira.

ZA MANKHWALA

Mankhwala ochiziratu matendawa sadapezeke, koma ochepetsa mavuto alipo ndipo amathandiza kwambiri. Aakulu ndi levodopa, amene akafika mu ubongo amasanduka dopamine. Dokotala George Cotzias wa ku New York ndiye adaonetsa mu 1967 kamwedwe kake kothandiza, ndipo masiku ano amaphatikizidwa ndi carbidopa kuti asachititse nseru kwambiri. Munthu amene adaleka kudzidyetsa yekha angathe kugwiranso chikho ndi kuyenda kupita ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Koma levodopa amangobwezera mafuta m'makina, saletsa maselo kupitiriza kufa.

Apa ndi pamene nkhani ya kinase ikupereka chiyembekezo. Ngati vuto ndi kapitawo wodinda mopitirira, kodi sangapezeke mankhwala omugwira dzanja? Pa matenda ena zimenezi zidatheka kale. Mu 2001 ku America adavomereza mankhwala otchedwa imatinib, amene amatsekereza kinase wina wosokonekera pa mtundu wina wa khansa ya m'magazi, ndipo odwala amene kale ankafa pa zaka zochepa tsopano amakhala zaka zambiri. Mu 2018 akatswiri a ku Pittsburgh adapeza kuti LRRK2 amagwira ntchito mopitirira ngakhale mu ubongo wa odwala ena amene alibe kusinthika kwa chibadwa kuja, kutanthauza kuti mankhwala omuchepetsa mphamvu angathe kuthandiza anthu ambiri. Mu 2022 makampani a Biogen ndi Denali adayamba kuyesa mankhwala otere pa odwala mazana angapo. Ntchitoyi ndi yovuta, chifukwa mankhwalawo ayenera kulowa mpaka mu ubongo popanda kuvulaza mapapo ndi impso, kumene LRRK2 amagwiranso ntchito yake yabwino. Wina akabwera pakhomo panu ndi botolo nanena kuti akugulitsa mankhwala ochiza kunjenjemera, sungani ndalama zanu.

CHENJEZO PA KALONGONDA

Amayi a ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu mukumudziwa kalongonda, m'bale wake wa chitedze. Mukudziwanso kuti amaphikidwa tsiku lonse, madzi ake nkumatayidwa kangapo. Chimene makolo athu ankachotsa potaya madziwo ndi levodopa yemwe uja, pakuti njere za kalongonda zili naye wochuluka. Madokotala a maiko ena adayesa ufa wa njerezi pa odwala ochepa, napeza kuti umachepetsadi kuuma kwa thupi kwa maola angapo, koma atapitiriza kwa miyezi, ambiri adadandaula m'mimba ndipo ena adaleka.

Vuto lake ndi muyezo. M'bulu wa mankhwala wa kuchipatala uli ndi mlingo wodziwika, pamene njere za munda uwu ndi za munda uwo zimasiyana mphamvu. Levodopa akachuluka amasanzitsa, amachititsa chizungulire ndipo amasokoneza mutu. Mu 1989, nthawi ya chilala ndi njala m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 200 adasokonezeka mutu atadya njere za mtundu umenewu zosakonzedwa mokwanira chifukwa cha kusowa kwa madzi. Choncho musampatse wodwala kalongonda wosaphikitsa kapena madzi ake ngati mankhwala, ndipo ngati akumwa kale levodopa, funsani dokotala musanampatse ngakhale wophika bwino.

ZOYENERA KUCHITA PAKHOMO

1. Pitani naye kuchipatala msanga. Si kunjenjemera konse kumene kuli Parkinson. Kwina kumabwera ndi chithokomiro, mowa, kapena mankhwala ena a matenda a maganizo ndi oletsa kusanza. Tengani mabuku a kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa kuti dokotala aone, ndipo mufotokoze ngati dzanja limanjenjemera atakhala chete kapena pokhapokha akamagwira chinthu.

2. Mankhwala amwedwe pa nthawi yake yeniyeni tsiku ndi tsiku. Asalekedwe mwadzidzidzi, chifukwa thupi lingathe kuuma koopsa. Kapezeni ena asanathe amene muli nawo. Nyama, nyemba ndi mkaka zimachedwetsa levodopa kulowa m'thupi mwa odwala ena, choncho madokotala amalangiza kumwa theka la ola asanadye.

3. Musamulande ntchito zonse. Kuyenda, kusesa pabwalo, kutola nyemba, kuvina ndi kuimba ndi anzake zimathandiza thupi kuti lisaume msanga. Mapazi akakakamira pansi osatha kunyamuka, musamukoke. Muwerengereni mokweza kuti imodzi, ziwiri, kapena muombereni m'manja, ndipo nthawi zambiri amayambanso kuyenda.

4. Pewani kugwa. Chotsani miyala, nkhuni ndi zingwe pa njira ya kuchimbudzi ndi kubafa, ndipo usiku pakhale nyali. Mpando wokwera wokhala ndi pogwira ndi wabwino kuposa mphasa. Asakhale yekha pafupi ndi moto kapena pachitsime.

5. Adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, nsima yofewa ndi ndiwo za msuzi. M'kapu muzithira theka lokha kuti asadzitayire. Madzi ambiri, masamba, mgaiwa, mapapaya ndi zipatso zina zimathandiza kudzimbidwa. Akamatsamwa kawirikawiri, uzani a chipatala.

6. Mpatseni nthawi yoyankha. Nkhope youma ija sitanthauza kuti wakwiya kapena kuti nzeru zatha. Odwala ambiri amamva ndi kuzindikira zonse zimene zikunenedwa pamaso pawo, ndipo mawu onyoza amawapweteka monga angatipwetekere ife. Ena pambuyo pa zaka zambiri amayamba kuiwala kapena kuona zinthu zimene palibe. Zimenezi zimachokera ku matendawo kapena ku mankhwala, ndipo dokotala ayenera kudziwitsidwa.

7. Wosamala wodwala nayenso asamalidwe. Matendawa amatenga zaka 10, 20 kapena kuposerapo, ndipo mutu umodzi susenza denga. Abale a mbali zonse ziwiri agawane masiku ndi ndalama za ulendo wa kuchipatala, amuna ndi anyamata omwe.

TITETEZE AKULUAKULU ATHU

Amayi anzanga, taona kuti dzanja lonjenjemera lili ndi chifukwa chake chimene akatswiri adachiona ndi makina awo: maselo akutha pa kamalo kakuda ka mu ubongo, ndipo mwa ena, kapitawo wina akudinda mopitirira kapena wina wagona pa ntchito. Matendawa sapatsirana. Mungathe kudya naye m'mbale imodzi, kumusambitsa ndi kumupatsa mdzukulu kuti amunyamule atakhala pansi. M'dziko la Malawi lamulo la 1911 lonena za ufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe timamva za okalamba amene amathamangitsidwa m'midzi, kumenyedwa, ngakhale kuphedwa kumene chifukwa cha mphekesera. Mphekesera zotere nthawi zambiri zimayambira kuchitsime, kuchigayo ndi pa maliro, malo amene ife amayi timakhalapo. Pomwepo ndi pamene tingazizimitse, mmodzi wa ife akangolimba mtima nanena kuti awa ndi matenda, ali ndi dzina, ndipo kuchipatala amawadziwa.

Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, werengani nkhaniyi mokweza kuti amene satha kuwerenga amve nawo. Funsanani ngati m'mudzi mwanu kapena m'dera lanu muli wina wa zizindikiro zimenezi amene sadapiteko kuchipatala, ndipo sankhani amayi awiri okacheza ndi banjalo mwaulemu. Itanani mlangizi wa zaumoyo adzayankhe mafunso anu. Mako ndi mako angachepe mwendo, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.